Bwana Wathu Wayamba Kuyenda

Lachinayi, 12 Juni

Okondedwa achemwali anga,

Khalani kaye pansi musanawerenge. Mwana wanu akuyenda! Bwana wathu uja, amene wafika chaka ndi miyezi isanu akungokwawa, tsopano akuchoka pampando mpaka pakhomo la kukhitchini osagwira kanthu. Ndawerenga ndekha, mapazi khumi ndi limodzi. Ife kuno tili bwino, kaya inu ndi alamu kumeneko.

Koma nkhani yake ndi yochititsa manyazi, ndipo ndikuuzani inu nokha.

Mukukumbukira ndinakulemberani za mayi amene amatilerera mwana ine ndikapita kuntchito kwanga kosita zovala. Kuno timawatchula kuti a Palibekanthu, chifukwa ndilo yankho lawo pa chilichonse. Ine ndinamata pepala pachitseko cha kabati: nthawi ya mkaka, nthawi yogona, supuni yake ndi ya buluu, masokosi osamuvula, pansi osamutsitsa pokhapokha pabulangete. Koma ndikabwera madzulo ndimapeza supuni ya buluu ili m'chitini cha shuga, sokosi imodzi pansi pa bedi, maondo a mwana ali bii. Ndikafunsa, amangoti, "Palibe kanthu, mayi, mwana sasweka ngati kapu."

Ndinatopa nazo. Ndinakaona sukulu ya mkaka ili kuseri kwa siteji ya basi. Ndi paukhondo, ana amagona m'timabedi ta mipanda, aliyense ali ndi thaulo lake. Aphunzitsi ake anati malo atsala amodzi, ndiwayankhe pofika Lachisanu. Alamu anu anangoti, "Zili kwa iwe. Ndikasankha ine, mawa udzati ndinalakwitsa." Mtima wanga unali uku ndi uku. Kumeneko ana alipo khumi ndi asanu, owasamalira awiri okha, nanga chifuwa chikalowa? Komanso ine chibadwire sindinachotsepo munthu ntchito. Ndinaganiza zowagwira kaye ndi maso anga kuti ndikhale ndi ponenera.

Lolemba ndinapempha kuntchito kuti ndiweruke masana, ndinanamizira dzino. Nditafika ndinavula nsapato pamasitepe n'kusuzumira pawindo. Achemwali! Tebulo alikankhira kukhoma, bulangete langa lili lopindapinda pampando, mwana ali chiimire pasimenti, mapazi osavala. A Palibekanthu agwada chauko akugwedeza makiyi, "Bwerani abwana, bwerani mudzatenge galimoto yanu!" Iye n'kumapita, manja m'mwamba ngati woledzera, akuseka. Anagwa kamodzi, phi! Mtima wanga unaima. Iye anadzuka yekha.

Ndinalowa ndikulira. "Wayenda! Anti, mwana wayenda lero!"

Iwo anayang'ana pansi. Kunama sakudziwa bwino. "Mayi, ino ndi sabata yachiwiri."

"Sabata yachiwiri! Osandiuza?"

"Pantchito yathuyi sitinena, mayi. Ndalera ana a eni ake asanu ndi anayi. Phazi loyamba ndi la mayi ake a mwana, ndiye timakhala chete mpaka muone nokha. Koma inu ndiye mwandivuta. Mukangofika mumamunyamula, kumbuyo, pamiyendo, pabedi. Ayenda nthawi yanji? Ndimati Loweruka ndikubisireni nsalu yoberekera."

Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Nanga supuni ya buluu?" Anaseka mpaka kukhala pansi, nanenso ndinaseka misozi ili m'masaya.

Tsono chimene ndikuulula ndi ichi. Alamu anu atabwera kokayendetsa basi, ndinamuimika mwana pakati pa nyumba ngati sindikudziwa kanthu. Atayenda, munthu wamkulu uja anakuwa mpaka aneba anatuluka. Panopa akuuza aliyense kuti mwana anadikira bambo ake. Chonde akakuimbirani foni, mudabwe nawo kwambiri.

Dzulo ndakauza aphunzitsi aja kuti malowo apereke kwa wina. Sindikunena kuti a Palibekanthu asintha ayi, lero lomwe ndapeza malaya a mwana atamuveka chakumbuyo. Koma pepala la pakabati ndalifupikitsa. Zatsala zitatu: mankhwala akhale pamwamba, chitseko cha panja chikhale chotseka, madzi otentha asakhale pansi. Ndawauza kuti pa zimenezi akangoti palibe kanthu, tidana. Anandiyang'ana osaseka n'kuti, "Pamenepo kanthu kalipo, mayi." Za sukulu ija sindinawauze, ndipo sindikudziwa ngati ndidzalimbe mtima. Mantha sanathe. Makona onse a tebulo ndawakulunga ndi nsanza, ndipo kuntchito ndatsala pang'ono kupsereza kolala ya munthu poganizira masitepe athu aja.

Pempho langa ndi la tinsapato tija anasiya mwana wanu wotsiriza, ngati tikadalipo. Phazi lake ndalijambula kuseri kwa pepalali, muyeze kaye musanatumize. Pomwe mzere wakhota ndi pamene amaseka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono, mokweza mawu, koma zachinsinsi zija mudumphe. Ndipo mukadzapita kukalambula kumanda pamene anagona ana anga awiri aja, amene sanafike poima, mukawauze kuti mng'ono wawo akuyenda, ndipo mayi wawo akuphunzira kumusiya dzanja.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mayi ake a Bwana