Khoma lakumpoto lanyowa, akuti amuna anga achoke

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, ndinaphunzitsa masamu mpaka kupuma ntchito, ndipo si khalidwe langa kudandaula pagulu. Koma nkhani iyi ndaisinkhasinkha ndekha mpaka mutu waima.

Amuna anga, a Casimir, anadwala sitiroko chisanu chathachi. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita nayo. Atsala ndi "ayi" komanso dzina langa, nalonso limatuluka movutikira. Masitepe sangakwerenso, choncho tinawatsitsira bedi m'chipinda chodyera, chomwe chili kumpoto kwa nyumba. Amaswera pa chikuku cha olumala pafupi ndi zenera, kuyang'ana msewu.

Nyumba yathu ndi yakale, ya matabwa. Kunja tinaikuta ndi timatabwa toyera ta pulasitiki mwana wathu Roberta akadali pasukulu. Kuno ku Ohio khoma lakumpoto siliona dzuwa, ndipo chinyezi cha kunyanja chimalimeretsa ndere chaka ndi chaka. A Casimir ankalitsuka okha chisanu chikangotha: ndowa, sopo, bulashi ya mpini wautali ndi payipi yothirira maluwa. Ankatha sabata akuzungulira nyumba, osalola munthu kuwagwirira ngakhale makwerero. Chaka chino palibe anatsuka. Khoma linabiriwira mpaka mayi Pruitt, aneba athu, anandifunsa pampanda kuti, "Anzanga, khomalo mulitchetcha liti? Tikubwerekeni makina a kapinga?" Ndinaseka nawo, koma zinandilowa.

Ndinadandaulira Roberta, ndipo Loweruka lotsatira anafika ndi mwamuna wake, Duane. Mkamwini wangayu ndi wabwino mtima, kungoti ndi waphuma. Anatsitsa m'galimoto makina a petulo opopa madzi mwamphamvu, atsopano, pepala la m'sitolo likadali pachogwirira. "Amayi, za bulashi zinatha kalekale," anatero. "Apongozi ankatha sabata. Ine khofi wanuyo asanazizire, khoma likhala likuwala."

Anaima pansi, pafupi ndi khoma, n'kuloza mpope m'mwamba kuti afike mpaka kudenga popanda makwerero. Ndere inkayoyoka ngati akusenda mbatata, ndipo kunena zoona ndinachita chidwi. Kenako a Casimir anayamba kugogoda galasi ndi supuni, akuti ayi, ayi. Duane anawakwezera dzanja akuseka: "Akapitawo akwiya, ndawalanda ntchito." Roberta anati, "Abambo, musadzivute, phokosoli likungokusokonezani." Anatembenuza chikuku kuloza pa wailesi yakanema, n'kutseka katani. Tonse tinaganiza kuti zikuwawawa kuona wina akugwira ntchito yawo. Duane anamaliza khoma lakumpoto lokha, mvula inamudula. Anadya soseji ndi kabichi, n'kulonjeza kuti mbali zinazo adzabwerera.

Patapita milungu ingapo, m'chipindamo munayamba fungo la chinyezi. Pansi pa zenera panatuluka banga lachikasu, ndipo nditasuntha kabati ndinapeza timadontho takuda kuseri kwake. A Casimir anayamba kutsokomola. Adokotala anawapima n'kunena kuti si chibayo, koma anafunsa ngati m'nyumba muli chinyontho. Roberta anali pomwepo. M'galimoto pobwerera anati, "Mwamva nokha, amayi. Nyumba ija yavunda, yakalamba pamodzi ndi eni ake. Mukudikira kuti abambo afere momwemo?" Wapeza kale malo kunyumba yosungirako okalamba, ndipo akuti bedi awasungira mpaka mwezi uno uthe.

Ine ndinapita ku laibulale. Ndinawerenga kuti timatabwa totere timavindikirana kuti madzi ochokera kumwamba atsetsereke, ndipo kunsi kwake kuli timabowo. Apo ndinakumbukira kuti a Casimir ankakwera makwerero n'kumathira madzi choloza pansi, nthawi zonse. Zaka zonsezi khomalo silinanyowepo mkati. Nditamuuza Roberta, anati, "Ndiye mukuti Duane ndi amene wawadwalitsa abambo? Munthu wataya Loweruka lake kukuthandizani, malipiro ake ndi amenewa?" Chiyambire pamenepo akaimba foni amangofunsa za mankhwala.

Duane sakudziwa kanthu. Wanditumizira uthenga kuti Loweruka likubwerali adzatsuka mbali zitatu zotsalazo, ndikonze kabichi wambiri.

Ndinawafunsa a Casimir ngati akufuna kupita kumene Roberta wapezako. Anati ayi. Koma amati ayi ngakhale pa tiyi amene akumufuna, ndiye umboni wanga ndi wofooka. Chomwe ndinganene n'chakuti anandigwira pamkono osanditaya.

Aphungu, ndikalankhula nditaya mwana ndi mkamwini, amene ndi okhawo otithandiza. Ndikakhala chete, amuna anga achoka m'nyumba yawo pa mlandu wa khoma. Kodi makinawa angalowetsedi madzi mpaka mkati? Nanga Loweruka ndimuuze chiyani?

H. K., Ashtabula, Ohio

Mayi H. K.,

Funso loyamba yankho lake ndi inde. Zimene munawerenga ndi zoona. Timatabwa ta pulasitiki si chotsekera madzi, ndi chowatsetseretsa chabe. Timakolowekedwa momasuka kuti tizitha kufutukuka kukatentha, ndipo timabowo ta kunsi kwake ndi totulutsira madzi amene alowa kuseri. Munthu akaima pansi n'kupopa choloza m'mwamba, timabowo tomweto timasanduka khomo. M'mbali mwa zenera ndiye mosavuta kulowa. Pa nyumba yakale, pamene pulasitiki anangoiika pamwamba pa matabwa akale, kuseri kumakhala kopanda chotchinga chodalirika, ndipo zonga thonje zimene amaika mkati mwa khoma zotsekera kuzizira zikamwa madzi zimauma mochedwa kwambiri.

Koma "angathe" ndi "anatero" ndi zinthu ziwiri, ndipo inu a masamu mukudziwa. Simunaone mkati mwa khomalo, inenso sindinaone. Mwina zenera linayamba kudontha kale, makinawo anangoonjezera. Mwina ngalande ya padenga yatsekeka ndi masamba, popeza amene ankaichotsa ali pa chikuku. Roberta akuti nyumba yavunda, inu mukuti ndi makina, ndipo nonse mukukangana pa chinthu choti chingayezedwe.

Yambani ndi a Casimir, lero lomwe. Achotseni m'chipindamo. Bedi lipite pabalaza, ngakhale alendo asowe pokhala. Munthu wodwala sitiroko chifuwa chake sichichedwa kugonja, ndipo nkhungu ya pakhomayo siyembekezera kuti banja ligwirizane. Auzeni adokotala za timadontho takudato mwatchutchutchu. Afunseninso ngati amuna anu akumeza bwino, chifukwa sitiroko yokha imatsokomoletsa, chakudya chikamalowera kolakwika. N'kutheka kuti khoma mukuliimba mlandu wa chifuwa chimene si lake.

Kenako itanani mmisiri woona za chinyontho m'nyumba, wosakhala mnzake wa Duane kapena wanu. Ali ndi kachipangizo kongogunditsa pakhoma. Ayeze makoma onse anayi, amasule timatabwa tingapo pansi pa zenera, aone. Mvula ija inakuchitirani chifundo, chifukwa inasiya mbali zitatu zosatsukidwa zoti mufanizire. Zikapezeka zouma, lonyowa n'lakumpoto lokha, ndipo matabwa a mkati ndi olimba, ndiye kuti nyumba sinavunde. Pamenepo ntchito ndi kudula gawo lonyowalo, kutaya thonje lovundalo, kuumitsa ndi kutseka. Zikapezeka zonse zonyowa, Roberta ali ndi mfundo, ndipo mudzayenera kuimva. Roberta akhalepo tsiku loyezalo, amve ndi makutu ake.

Za Loweruka: Duane muimbireni nokha, musadutsire kwa mkazi wake. Roberta anamva ngati mukuimba mwamuna wake mlandu chifukwa anali kale ndi mantha. Mwamuna wogula makina atsopano kuti athandize apongozi si mdani wanu. Muuzeni mwachidule kuti khoma lanyowa mkati, mmisiri akubwera, ndipo madzi asakhudze nyumba mpaka ayeze. Musatchule chifuwa pa foni imeneyo. Akadziwa kuwerenga kabuku kamene kanabwera ndi makina ake, adzaphatikiza yekha.

Tsiku lotsuka likadzafika, makinawo asatayidwe, angogwiritsidwa bwino. Ndere siichoka ndi mphamvu, imachoka ndi sopo. Atseke mazenera, aphimbe mabowo a magetsi a panja, anyowetse maluwa. Apake sopo wotsukira makoma ndi kansonga kakuda kovekera kumapeto kwa mpope, kamene kamatulutsa madzi mofatsa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti pasakhale mizere. Asiye sopoyo agwire ntchito kwa kanthawi, koma asaume. Potsukuluza ayambire pamwamba kutsika, ndi kansonga koyera kamene kamamwaza madzi, ataima patali ndithu. Kansonga kofiira akatsekere m'bokosi, kamaboola pulasitiki yakale ndi khungu lomwe. Mpope uziyang'ana khoma molunjika kapena choweramira pansi. Pamene timatabwa tiwiri talumikizana m'mbali, asapope cholowetsa mumpatamo. Pamwamba pomwe safika, agule ndodo yotalikitsira kapena abwerere ku bulashi ya mpini wautali ija. Asakwere makwerero atagwira mpope: umakankha, ndipo chikuku chimodzi m'banja chakwana. Mankhwala oyeretsa zovala asawasakanize ndi viniga kapena ena alionse, mpweya wake ndi woopsa. Njira imeneyi imatenga tsiku, osati sabata, komanso osati kapu imodzi ya khofi.

Tsopano chimene simunafunse. Musadzinamize kuti khoma likauma nkhani yatha. Roberta sanapeze malo aja tsiku limodzi. Anayamba kuwafufuza banga lisanatuluke, chifukwa amaona mayi ake akunyamula mwamuna wamkulu okha, ndipo khoma langomupatsa poyambira. Funso la kusamukali lidzabweranso, mwina chisanu chikubwerachi, ndipo mwina tsiku lina yankho lake lidzakhala lowawa. Sindingakulonjezeni kuti a Casimir adzatsirizira m'nyumba yawo. Chimene muyenera kukana n'chakuti achoke mwezi uno, mothamangitsidwa ndi bedi la eni, pa chifukwa chimene palibe wachiyeza. Mabedi amapezekanso. Munthu akatuluka m'nyumba mwake motere, kawirikawiri sabwerera. Muuzeni Roberta kuti za malowo mudzakambirana mmisiri ndi adokotala akayankha, ndipo mumufunse chimene chikumuopsa kwenikweni. Mwina chofunika ndi wothandiza wobwera m'mawa, osati kusamuka.

Mwati umboni wa amuna anu ndi wofooka. Pa tiyi, mwina. Koma pemphani katswiri wothandiza odwala kulankhula akuphunzitseni njira ina yowafunsira, ya zithunzi kapena yoloza ndi chala, chifukwa sitiroko imalanda mawu kambiri n'kusiya nzeru. Tsiku lija anthu atatu olankhula bwinobwino munaonerera madzi akulowa m'khoma, ndipo amene anaona cholakwika ndi uja wotsala ndi mawu awiri okha. Musawaweruzire tsogolo ali kuseri kwa katani.

Chenjezo langa ndi ili: akatentha thupi, akayamba kubanika kapena kusokonezeka, musadikire mmisiri, Roberta kapena Loweruka, thamangirani kuchipatala. Ndipo Duane akadzaliza makina ake, a Casimir adzakhale panja, atafunda bwino, pamalo poti akuona khoma lonse. Apatseni supuni yawo. Ikagogoda, makina azime.

Mphungu wanu