Mluzu wa Azakhali a Ok-hwa

17 Malichi, Lolemba

Mapemphero a m'mamawa. Anthu ochepa, tchalitchi chozizira. Mawu a lero: za mkwiyo, akuti tisamagone nawo. Ine wanga ndagona nawo chaka chathunthu, ndipo ndikudzukabe bwinobwino.

Mwambo wa nyanja unachitika sabata yatha. Anzanga onse otola nkhono anaponya mpunga wawo m'madzi, wokulunga m'mapepala, kuti mzimu wa nyanja uziwasunga akatsika pansi. Ine sindinasonkhe, sindinapite, ndipo chaka chamawa sindidzapitanso. Chilumba chonse cha Jeju chidziwe.

Lero pamoto, tikuvala zolowera m'madzi, a Ok-hwa, nkhalamba imene tonse timaitchula azakhali: "Sunthani, wafika wa Aleluya uja, angatithire fungo nyanja ingatikane." Onse kuseka. Ndi iwowa amene ananena, mnzathu Sun-deok atafera m'madzi chaka chatha, kuti nyanja inakwiya chifukwa cha ine. Pamaliro penipeni, ana ake akumva. Kuyambira pamenepo palibe amene amatsika pafupi nane. Ntchito yathu ndi ya awiriawiri, wina pansi, wina pamwamba akuyang'anira, poti mpweya wathu ndi wa m'chifuwa basi. Ine ndekha. Zilibe kanthu, nkhono sizindifunsa kumene ndimapemphera.

19 Malichi, Lachitatu

Madzi ozizira mpaka m'mafupa. Nkhono zochepa, mtengo watsikanso.

Koma pali china. Aliyense wa ife akavuuka amaimba mluzu potulutsa mpweya, ndipo ndimadziwa mluzu wa aliyense ngakhale nditatembenuka. Wa a Ok-hwa ndi wautali, wonyada ngati mwini wake. Lero sunamveke. Pocheuka, ali kakamire pa choyandama chawo chomangirirapo ukonde, mutu uli pendeke, milomo itada. Mnzawo wotsika naye anali pansi, sanaone kanthu. Ndinasambira kupita komweko. Atatsegula maso anandikankha. "Waona chiyani iwe? Palibe chimene waona. Katole zako." Dzanja lina lili pamtima.

20 Malichi, Lachinayi

Mawu a lero: kunena zoona. Ngati pali wina akundisankhira dala.

Ndikauza a Kang, mtsogoleri wathu, za a Ok-hwa, awachotsa kwakuya n'kuwatumiza kumadzi osaya a nkhalamba, uko amazula ndere zodyedwa madzi ali m'chiuno. Munthu amene wakhala patsogolo pa tonse kuyambira ndili mtsikana. Kwa iwo kuli bwino kuwakwirira amoyo. Ndipo mudzi wonse udzati wa Aleluya wabwezera. Ndikakhala chete, tsiku lina tidzapeza choyandama chokhachokha.

Ndilembe zoona, poti muno mulibe wowerenga. Dzulo posambira kubwerera kumtunda ndinaganiza kuti zisiye, nyanja imene amaidyetsa mpungayo iwasunge yokha. Ndinaganiza choncho ndipo mtima unakoma. Ambuye, mwamva. Sindikukubisirani.

23 Malichi, Lamulungu

Bata lokoma. Anzanga adzaza maukonde, ine ndili pabenchi ndi buku la nyimbo. Lamulungu sindilowa m'madzi, sindinalowepo, ngakhale chaka chija amuna anga, bambo ake a Jae-min, anali gone m'chipatala ndalama ya mankhwala ikusowa. Aseke mpaka atope.

Ndawafotokozera abusa a Hyeon osatchula dzina. Akuti munthuyo ndimupempherere, ndimuchitire chabwino, ndifatse, zotsalazo ndisiyire Mulungu. Abusa ndi munthu wabwino, koma anakulira mumzinda wa Seoul, mutu wawo sunanyowepo ndi madzi amchere. Komabe ndamvera. Ndaphika msuzi wa ndere, ndanyamula wotentha mpaka pakhomo pawo. A Ok-hwa anaulandira ndi manja awiri, anaununkhiza, anauthira m'mbale ya galu ine ndikuona. Galuyo wayamikira kwambiri.

25 Malichi, Lachiwiri

Mluzu wawo lero wodukaduka. Tsiku lonse ndangozungulira pafupi nawo ngati ntchentche, iwo akatsika ine maso pamadzi, ukonde wanga uli pululu. Anditukwana mpaka kufika kwa amayi anga amene anapita kalekale. Kukonda mdani n'kumeneku? Chikondi sindikuchimva pena paliponse. Ndikumva njala, msana ndi mkwiyo.

Gasi watha. Mwana wanga Jae-min sanaimbe foni.

26 Malichi, Lachitatu

Ndanena. Osati kuseri. Pamoto, onse alipo, ndikuwayang'ana m'maso.

"Azakhali, mtima wanu ukudwala. Munakomoka pamadzi Lachitatu lapitali, ndinaona ndi maso angawa. Mundide mmene mungathere, koma mtembo wanu ine sindidzaukoka."

A Ok-hwa anati ndine wabodza, njoka yobisala m'tchalitchi. Wina anati ndadikira chaka chonse kuti ndibwezere. A Kang sanalowerere phokosolo, anangouza a Ok-hwa kuti agwire mpweya pomwepo, tonse tikuona. Anakana. Kukana kumeneko ndi kumene kunayankha. A Kang anagamula kuti kuyambira mawa, kumadzi osaya.

Pobwerera palibe anandilankhula. Ngati kuti kale ankandilankhula. Koma sindikudandaula.

28 Malichi, Lachisanu

Kumadzi osaya sanabwere. Dzulo ayi, lero ayi. Kunyumba kwawo makatani otseka. Wina wandidulira chingwe cha ukonde, ndalumikiza, ndalowa.

Mawu a lero: kumvera. Ndamvera abusa, galu wakhuta. Ndamvera choonadi, nkhalamba yadzitsekera m'nyumba. A Kang akuti ndikadawauza paokha, mwina zikanakhala zofewa. Mwina. Koma mawu aja a Ok-hwa ananena pamaliro a Sun-deok anali a paokha? Andifunsenso mawa, ndidzanena zomwezo. Kupepesa ayi.

Chokhacho chikundisowetsa mtendere: zovala zawo za m'madzi palibe pamsomali paja amazikoleka.

30 Malichi, Lamulungu

Mphepo yakumpoto, mafunde oyera. A Kang aletsa onse kulowa lero. Ndavala kale diresi la kutchalitchi, ndine wowerenga mawu kutsogolo. Belu loyamba lalira. Mawu a lero ndi za adani, ndangoona mutu wake.

Pazenera. Choyandama chimodzi, chadutsa mwala wakuda, chikulowera kwakuya. Chokha. Nkhalamba yamakani iyi. Ndinawachotsa pakati pa anthu kuti akhale moyo, ndiye apita okha kumene kulibe wowaona. Ndatsegula zenera. Mluzu umodzi, waufupi. Atsikanso.

Abusa apeze wina wowerenga.

Ambuye, tsikuli ndi lanu, ndikudziwa. Tikambirana ndikavuuka.