Onse Ayamba Kundilankhula Mozungulira

Lachiwiri, 4 Juni

Kuchipatala ndi mayi a ana, za m'mimba mwangamu. Dokotala akuti ndi zilonda chabe. Mapilitsi, basi. Koma ine nditatuluka, mayi a ana anatsalira m'katimo, chitseko chotseka. Potuluka maso ali psuu. Akuti chimfine. Chimfine chanji choyambira mu ofesi ya dokotala? Pali chimene awauza chokhudza ine.

Lachisanu, 7 Juni

Mlamu wanga watulukira kushopu, wopanda n'chosoketsa chomwe. Munthu woti sandiyendera chikwatirireni mlongo wake. Wakhala pabenchi, maso pa makina, kenako: "Alamu, moyo ndi ulendo." Ndangoti eya, n'kumapinda buluku la kasitomala. Singano n'kundibaya.

Mutu wa munthu ndi wodabwitsa. Sunaganize za basi kapena msewu ayi. Unathamangira kumanda iye asanatseke n'pakamwa pomwe.

Lamulungu, 9 Juni

Abusa kundigwira dzanja osalisiya. Akuti tonse ndife alendo pansi pano. Chaka chatha ananena zomwezi paguwa, ine ndikuwodzera. Lero zandilowa mpaka m'mafupa. Kodi tanthauzo limakhala m'mawumo, kapena m'mantha a womvayo? Kaya. Koma abusawa auzidwa kanthu, sindine mwana.

Lachinayi, 13 Juni

M'mimba mwasiya kupweteka. Zikundiopsa kuposa kale.

Mwana wathu wamkazi wafika osaitanidwa, akuti tchuthi. Iye ndi mayi ake manong'onong'o kukhitchini, ndikangolowa ine, zii. Madzulo mayi a ana andionetsa pomwe amasunga mabulangete, akuti ndizidziwa. Munthu wopita adziwirenji za mabulangete? Kundiphimba m'maso kumeneku. Ndili ndi mantha, ndipo ndakwiya.

Loweruka, 15 Juni

Ndamupanikiza mwanayu pakhonde. Ndati zokuluwika ndatopa nazo, anene poyera kuti ndatsala ndi nthawi yotani. Wandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"Ababa, inu muli bwino. Odwala ndi amayi. Anatiletsa kukuuzani mpaka zilonda zanu zipole."

Masiku onsewa ndakhala ndikudzilira maliro ndekha.

Diresi labuluu la mayi a ana ndinalichepetsa m'chiuno kawiri mwezi watha. Ine mwini, tepi ili m'manja. Ndinawaseka kuti akufuna kubwerera kuutsikana. Sindinafunse kanthu.