Mvula Imene Anayeza Achimwene

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno kwa Chiosya tikudzuka, ngakhale kudzuka kwake n'kongoti maso atseguka. Ndakhala ndikuzengereza kukulemberani chifukwa nkhani imene ndili nayo ndi ya mwana wanu, ndipo inu simunkafuna kuti ana anu azinenezana. Ndiye ndiyambe ndi zopepuka.

Tereza, mdzukulu wanu amene munamusiya ali woyembekezera, anachira bwino. Ndi mwana wamkazi, wamphumi waukulu ngati wanu, ndipo pano akuyenda yekha pabwalo. Bambo ake a Tereza mwendo uja umawavutabe kukazizira, koma kumunda akupita. Mtedza wa chalimbana chaka chino watikana, makoko ambiri mulibe kanthu. Chimanga chinafota chikungoyamba kumasula, moti nkhokwe yanu sinafike n'pakati pomwe. Mbuzi yanu yamawanga ija tinasinthanitsa ndi chimanga kwa anthu a ku Zambia odzera njira ya ku Kachebere. Inkalira ikutembenukira kukhola, ine n'kukumbuka mawu anu aja akuti mvula ikakuona litsiro siikata. Kungoti kuno ngakhale mvula yoti itione litsiroyo ikusowa.

Mukuikumbuka esiteti ya fodya imene inayamba kuseri kwa phiri inu mutayamba kudwala? Mwini wake ndi bwana uja wamkulu m'chipani, amene dzina lake sititchula ngakhale pamtondo. Fodya wake ndi wowotcha m'mabani, ndipo mabaniwo sakhuta nkhuni. Mathirakitala akhala akututa mitengo mpaka phiri lonse lakhala ngati mutu wometedwa pamaliro. Kasupe wa m'munsi mwake, amene munkati sanaphwepo chibadwire chanu, anaphwa. Mtsinje wa kumadimba unatsala zithaphwi. Anthu anadandaula mwaulemu, mmene timadandaulira masiku ano, ndipo boma linayankha kuti litumiza akatswiri a zanyengo a ku yunivesite adzafufuze chimene chathawitsa madzi.

Tsiku limene galimoto yawo inaima pasukulu, woyamba kutsika anali achimwene a Lukasi. Azimayi analulutira. Ine ndinagwetsa misozi poganiza kuti mukanakhalapo mukanaona mwana amene munamuphunzitsa ndi nthochi ndi nzimbe za kudimba akubwera kudzaweruza mlandu wa dimba lomwelo. Aliyense ankati tapulumuka, wabwerayu ndi mwana wa pano, mwini mbumba, Dokotala Mbewe wathu.

Anabwera ndi mnzawo wa kuntchito, a Mhango, munthu wa kumpoto, wosalankhulalankhula. Achimwene ankagona kunyumba ya alendo ya ku esiteti, ati kuli magetsi olembera. A Mhango anasankha kukhala kwathu, ndipo tinawapatsa nyumba yanu ija. Anazika zitini zoyezera mvula pasukulu, kuphiri ndi kudambo. Ankakumba maenje kuti aone pamene madzi akuyambira, ankakhala pansi ndi okalamba kuwafunsa za mvula ya zaka zakale. Ankabwera n'kumapita, dzinja ndi chilimwe chomwe. Chichewa chawo chinkaseketsa ana, iwonso ankaseka nawo.

Atamaliza ntchito anatiitanira pabwalo la sukulu. Anyamata a chipani anaima polowera kuona makadi a umembala. Kutsogolo anaika mipando, bwana wa esiteti pakati, achimwene pambali pake. Mpando wa a Mhango unalibe munthu. Achimwene anaimirira atavala suti, ndipo analankhula bwino, modekha, monga munawalerera. Anati mvula yachepa dziko lonse, ndi ku Zambia komwe, choncho mitengo ya m'phiri ilibe mlandu. Anati amene tapha mtsinje ndife, polima madimba m'mphepete mwake ndi kutungamo madzi othirira. Anati mankhwala ake ndi oti anthu achoke kudambo, dambolo lisamalidwe ndi amene ali ndi luso ndi zipangizo. Tonse tinadziwa kuti akunena yani. Anyamata aja atayamba kuomba m'manja, bwalo lonse linaomba, chifukwa wosaomba amaonekera patali.

Sabata yomweyo a Mhango anabwera kudzatenga katundu wawo. Ndinawafunsa chimene sanabwerere kumsonkhano. Anandiyankha akumanga chikwama, osandiyang'ana. Anati, "Mayi, zimene tinapeza si zimene zanenedwa. Mvula yachepadi, koma pang'ono. Kasupe waphwa chifukwa phiri lavulidwa, madzi akagwa amangothamanga osalowa pansi. Madimba anu ngakale, ndipo mtsinje sunkaphwa." Ndinati nanga achimwene zimenezo sakuzidziwa? Anati, "Akuzidziwa kuposa ine. Koma galimoto tinkayendera ija, mafuta, zipangizo, zonse analipira ndi a esiteti. Limenelo palokha si tchimo, bola munthu aulule poyera kuti anthu adziwe amene akumudyetsa. Achimwene anu anati tisatchule. Komanso a Mbewe apatsidwa munda wawo wa fodya kuseri kwa phiri. Ine ndakana kuikapo dzina langa."

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo. Ndinakumbukira mmene munkatiletsera kulandira kanthu kwa munthu amene tili naye nkhani, munkati wokupatsa mchere wakumanga lilime. Tinkakusekani kuti ndinu ouma mtima.

Sipanapite nthawi, a Mhango anabweranso kudzazula zitini zawo. Anabwereka njinga ya bambo a Tereza, n'kuima pagolosale ya a Che Bwanali kuti agule sopo. Anali masana, msika uli pakati. Panaima galimoto yopanda chizindikiro, amuna awiri n'kuwaitana ndi dzina. Anakwera okha, osakokedwa. Madzulo ake a Che Bwanali anabweretsa njinga ija akuikankha, sopo ali chimangire kumbuyo. Sanalowe m'nyumba, anangoti, "Mwini wake ndi Mulungu," n'kubwerera. Zikumveka kuti mlandu wawo ndi wonyoza chitukuko. Mkazi wawo anafika kuno ndi khanda kumsana, kudzafunsa ngati alipo amene anaona kumene galimotoyo inalowera. Ndinamulozera msewu wa ku boma, chifukwa ndi chokhacho chimene ndinkadziwa. Kuchokera pamenepo wakhala akuyenda ofesi ndi ofesi, ndipo paliponse amamuuza kuti munthu ameneyo sakumudziwa.

Kudambo anatichotsa mpiru tisanathyole. Pamene panali dimba lanu anamangapo damu, ndipo mvula itagwa madzi othamanga kuchokera kuphiri lija analidzaza. Nthochi zanu zinamira ndi mikoko yomwe. Kwa kanthawi masamba ake ankaoneka pamwamba pa madzi, kenako anaola. Madziwo ngothirira nazale za fodya, ndipo anawazunguliza waya. Ife tikutunga pachitsime cha kuseri kwa tchalitchi, chimene mudzi wonse ukudalira, madzi ake ofiira, ongokwapa pansi ndi chikho. Ana akutsegula m'mimba. Kamwana ka a Nachisale, anzanu a kukwaya aja, kanatisiya mwezi wa Okutobala. Mabanja ena aoloka kupita kwa abale awo ku Zambia, nyumba zawo zikugwa zokha. Ena alowa ntchito pa esiteti yomweyo. Mwana wanga Yohane ali komweko, ndipo ntchito imene anamupatsa ndi yodula nkhuni za mabani. Sindinamuletse. M'nyumba mukakhala mopanda ufa, mayi alibe mawu.

Mwezi wathawu achimwene anabwera, ulendo uno pagalimoto yawoyawo, atanyamula matumba a simenti oti timangire chiliza chanu. Ndinawapatsa mpando pamthunzi wa nkhokwe, ndipo ana atachoka ndinawafunsa kuti, "Achimwene, munda wa kuseri kwa phiri uja ngwanu?"

Anayang'ana nsapato zawo. Kenako anati, "Nambewe, iwe sudziwa mmene zinthu zilili kumene ndimagwira ntchito. Ndalama zofufuzira kulibe. Ukapanda wokuthandiza umangokhala mu ofesi kuphunzitsa ana mvula ya m'mabuku. Poyamba ndinkati nditenga thandizo lawo koma ndidzanena zoona. Kenako anandipatsa munda, ndipo munthu ngati uja sumukanira mphatso. Pamene zotsatira zinkatuluka n'kuti ndili kale m'manja mwake. Ndikanalemba zina, bwenzi lero ndili kumene kuli Mhango."

Ndinati, "Kumene aliko mukukudziwa?" Anati ayi. Ndinati, "Nanga amene anakanena kuti a Mhango akana kuikapo dzina ndani?" Anatola chitsononkho pansi n'kumachitembenuza m'manja.

Amayi, mwana wanu waonda. Imvi zatuluka, ndipo fungo la mowa limamveka ngakhale m'mawa. Mlamu wanga, mkazi wawo, akuti achimwene sagona bwino. Ndinkafuna kuwakalipira, mawu ndinali nditawakonza kale, koma nditawaona chonchi ndinangoona kamnyamata kaja kankandibereka kumsana podutsa pamatope a kudambo. Munkati m'mimba ndi m'chipala, mumatuluka khasu mumatulukanso mpeni. Ine sindikudziwa kuti achimwene ndi chiyani. Sindikukhulupirira kuti anabwera kuno ndi mtima wotigulitsa. Ndikuona ngati anayamba ndi kulandira kakang'ono, n'kumadziuza kuti mutu wawo ukadali wawo, mpaka tsiku limene anafuna kutembenuka anapeza kuti khosi silikutembenuka.

Simentiyo ndinaikana. Bambo a Tereza anati simenti ilibe mlandu, ndipo azakhali anati ndine wonyada, ndikuchititsa manyazi mwini mbumba. Mwina akunena zoona. Koma ine sindikanatha kukufunditsani simenti yogulidwa ndi dimba lanu lomwe. Achimwene sanatsutse. Anatsitsa matumbawo okha, osalola Yohane kuwathandiza, n'kuwasanja pakhonde la nyumba yanu. Potsanzika anafuna kunena kanthu, koma anangoti ndisamale ana. Matumbawo ali pomwepo, chinyontho chawalowa, ndipo ayamba kuuma ngati miyala. Nkhuku ndi zimene zimakwerapo.

Chinanso muyenera kudziwa n'chakuti malire atsopano a esiteti anadutsa kuseri kwa manda, ndiye kumene mwagonako tsopano ndi mkati mwa waya. Mitengo ya pamanda ndi yokhayo imene yatsala chilili dera lonse lino. Odula nkhuni amaiopa, ngakhale kapitawo atawakalipira chotani. Munthu akaima pamsewu amaona fumbi ndi zitsa mpaka kuphiri, pakati pake kamsitu kanu kobiriwira. Kuti ndifike kwa inu ndimayenera kuima pageti, kupereka moni kwa mlonda, n'kumufotokozera chimene ndikukachita kwa mayi anga. Masiku ena amalola, masiku ena amati bwana alipo, ndibwerenso.

Ndili ndi pempho limodzi. Ngati a Mhango anafika kale kumeneko, muwalandire ngati mwana wanu, ndipo mundilotetse, kuti ndikamuuze mkazi wawo aleke kutha mapazi m'maofesi. Ngati sanafike, muwapempherere pamodzi ndi achimwene, chifukwa sindikudziwa kuti mwa awiriwa amene ali m'ndende yoipa ndani.

Za achimwene musadandaule, sindiwataya. Chibale ndi fupa, ndipo akabwera mpando ndi madzi akumwa adzawapeza. Koma ndikukulonjezani kuti zimene ananena pabwalo la sukulu sindidzazivomereza pamaso pa adzukulu anu. Ndidzawauza, ngakhale monong'ona, kuti agogo awo analima dimba moyo wawo wonse ndipo sanaphe mtsinje. Mvula isanagwe ndibwera ndi khasu ndi tsache kudzakulambulirani. Mlonda akandibweza, ndidzabweranso mawa lake.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Nambewe