Phiri la pa Khoma la Butchala

Lolemba, 3 Juni. Kadoma.
Mutu wa chimangirizo cha ku koleji wabwera: kukumbuka, chomwe munthu ali, ndi zamumtima m'zojambula. Anzanga onse athamangira ojambula otchuka a ku Harare. Ine ndasankha bambo anga, malemu Sitefano, wolemba zikwangwani za mashopu. A Knowledge, mphunzitsi wathu, ati ng'ombe ya pa butchala si luso, ndi malonda. Iwowo burashi sanaigwirepo chibadwire.

Lachitatu, 5 Juni
Makoma a bambo anatha. Ena anagwa, ena anapentedwa. Latsala limodzi, pa butchala ya Che Hamadi ku Pfupajena, ku Chegutu. Ng'ombe yonenepa, kumbuyo kwake phiri lotuwa, lathyathyathya pamwamba. Phiri lomwelo ankaliika paliponse, ngakhale pa saluni. Mfundo yanga yaikulu: ndi phiri la ku Malawi, kumene agogo anachokera. Munthu wobadwira kuno kujambula kwawo komwe sanakuonepo. Nditalemba chiganizo chimenechi ndinadziwombera m'manja ndekha.

Lamulungu, 9 Juni
Ku Chegutu pa kombi, minibasi yakuno. Fumbi, mutu. Khoma lija lasuluka koma ng'ombe ikadali phe, kuyang'ana msewu. Che Hamadi ati Loweruka a kampani ya mafoni akubwera kudzalipenta lonse lofiira, alembepo malonda awo. Ndinawauza za chimangirizo, za Malawi, za kusowa kwathu, mpaka ogula nyama anayamba kundiyang'ana. Iwo osasiya kudula nthiti. Ati ngakhale makolo awo anachokera komweko, Malawi sanamuonepo, ndipo khoma lawo likuchititsa manyazi. Pobwerera ndinalira, nkhope nditalozetsa pawindo.

Lachitatu, 12 Juni
Ndawawerengera amayi ndime yoyamba. Aseka mpaka kutsokomola. "Phiri la kupi? Ndi dampu iyo, mwanangu, mchenga wa ku mgodi. Abambo ako anabadwira pakomboni pansi pake, ankatsetserekapo atakhalira makatoni."
Zonse ndinalemba zija m'madzi. Ndinakwiya, sadza sindinadye.
Madzulo, ndikutsuka mbale, zinandibwerera mwanjira ina. Phiri limenelo silinamere lokha. Analiunjika ndi anthu athu, agogo ali momwemo, ngolo ndi ngolo kuchokera pansi pa nthaka. Amatinena kuti ndife opanda kwathu. Koma bambo ankajambula kwathu pa shopu iliyonse, poyera, masana dzuwa likuswa mtengo. Mfundo iyi sindinaibwereke m'buku la munthu. Ndikunyada, ndipo sindibisa.

Lachinayi, 13 Juni
Dongosolo latsopano: choyamba mchenga, kenako dzanja la bambo, pomaliza ife otsala. Ndawatumizira uthenga Che Hamadi, kuti phiri lija si la ku Malawi, ndi dampu ya pa mgodi wakale kuseri kwa Kadoma. Auwerenga. Yankho ziii.

Loweruka, 15 Juni. Chegutu.
Kombi inafera panjira. Ndafika ng'ombe itapita kale, ndi nyanga zomwe. Kufiira kokhakokha. Fungo la penti mpaka kukhosi.
Koma Che Hamadi ali pampando patsogolo pa phiri, epuloni ili m'khosi, nyama ataisiya. Opentawo ataima ndi maburashi akudontha.
Che Hamadi ati: "Baba wanga agona pansi pa dampu iyi, manda athu ali kumeneko. Zaka zonsezi ndimaiona pakhomapa m'mawa uliwonse osaizindikira. Pentani mozungulira."
Opentawo anaimbira bwana wawo. Bwanayo ati khoma lonse, apo ayi palibe mgwirizano. Che Hamadi ati palibe. Opentawo alongedza zidebe zawo, apita.
Latsala choncho, theka lofiira, theka la bambo. Ndatembenukira kwa Che Hamadi kuti ndiwathokoze. Andiuza kuti ndikamaliza kulemba ndibwere ndidzawawerengere pomwepa, m'Chichewa, chifukwa Chizungu changa n'cha a Knowledge.