Drafuti ya Pafoni

Lolemba, 6 Meyi

Yakwana sabata yachitatu Alamu chichokereni. Makina awo osokera akadali pakhonde pafupi ndi tebulo langa la nsapato, ofunditsidwa nsalu. Masana ndinatulutsa bolodi la drafuti mwachizolowezi, kenako ndinalibwezera. Zaka 19 tikusewera pa benchi imeneyi. Sitiroko inawagwira dzanja lamanja ndi pakamwa, mwana wawo n'kuwatengera kwake. Ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Mwana wanga wandiikira drafuti pafoni. Akuti, "Ababa, mulekeko kucheza ndi nsapato za eni."

Lachinayi, 9 Meyi

Ndaiyesa. Kunena chilungamo, anaikonza bwino. Tizitsekerero take tikuoneka ngakhale popanda magalasi, sitiuluka ndi mphepo, sitisowa. Pophweka ndinaichinya kanayi. Nditaika povuta inandimaliza tiyi asanazizire. Koma ikapambana imangoti duu, osaseka, osandinena kuti mutu wanga wadzaza guluu. Ndiye gemu ili mkati kumatulukira otsatsa mankhwala ochepetsa mimba.

Loweruka, 11 Meyi

Mvula. Kasitomala m'modzi.

Lamulungu, 12 Meyi

Ana athu awiriwa alumikiza mafoni kuti tizisewera, Alamu uko, ine kuno. Ndakankha ine koyamba. Ndikudikira.

Lachiwiri, 14 Meyi

Zii. Ndayang'ana foni mpaka ndamata soli ya kumanzere pa nsapato ya kumanja.

Lachitatu, 15 Meyi

Ayankha cha m'ma 10. Akukankha kamodzi pa ola, nthawi zina kupitirira. Mwana wawo walemba kuti akugwiritsa dzanja lamanzere ndipo akukana kuthandizidwa. Kasewero kake n'komwe kaja, kudzera m'mbali ngati mbava. Ndaseka ndekha, mayi wogulitsa nthochi mpaka anacheuka.

Lachisanu, 17 Meyi

Lero alakwitsa. Akankhira poti ndidye zitatu n'kulowa kingi, zimene sangachite munthu ngati iwo. Chala chinaterereka basi. Pa benchi ndikanayang'ana kumsewu, iwo n'kubweza mwakachetechete. Apa ayi. Ndinayesa kusuntha china, foni inakana. Lamulo lake n'lakuti pakakhala podya, udye.

Ndinaisiya patebulo mpaka 2 koloko. Kenako ndinaimba, koyamba chichokereni. Masiku onsewa ndimaopa kumva mmene akulankhulira.

Mwana wawo anawaikira foni kukhutu. Kupuma kokhakokha kaye. Mawu anatuluka olemera, limodzilimodzi, moti ndinachita kutseka khutu linalo.

"Mu... kudikira... chiyani?"

Ndinati mwalakwitsa Alamu, tiyambirenso.

"Idyani," anatero. "Sine... wodwala... pa bolodi."

Ndinadya zonse zitatu, iwo akumva. Foni sanadule. Mayi wina anabwera ndi sandasi yoduka lamba, ndinamulozera pa benchi kuti adikire.