Kumene Mafuta a Bambo Ankathera

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno amayi aliko, miyendo yokha ndi imene ikuwavutabe. Ndakhala pansi kulemba chifukwa cha bambo. Pa foni ndimangoti ali bwino, pakamwa pamandilemera.

Mukuwadziwa bambo ndi vani yawo. Saliza injini asanayeze mpweya wa matayala onse, ndipo saisiya ikulira pamene akutsitsa buledi m'magolosale. Madalaivala anzawo mpaka anawatcha a Bilimankhwe chifukwa choponda moto pang'onopang'ono. Iwo amangoseka, amati wothamanga amagwirira ntchito wogulitsa mafuta. Inu ndi ine sukulu tinaphunzira ndi mafuta opulumutsidwa choncho.

Ndiye chaka chino mafuta anayamba kutha modabwitsa. Thanki imene inkawafikitsa Loweruka inkauma pakati pa mlungu. Bambo anaiyamba nkhondo. Anachotsa kaliyala wa pamwamba, ati amalimbana ndi mphepo. Anatsitsa zitsulo zonse zimene ankangoyenda nazo kumbuyo. Anasinthitsa oyilo, sefa ya mpweya, mpaka matayala. Makaniko wawo anaifufuza tsiku lathunthu n'kunena kuti galimoto ilibe vuto, mwina wina akupopa mafuta. Bambo anagula loko ya pathanki, n'kusiya kupereka moni kwa aneba athu aja a njinga yamoto.

Kenako mwini bekale anandiimbira, mwaulemu ndithu. Anati makasitomala akudandaula kuti buledi akufika dzuwa lili paliwombo, ndipo ena sakumulandira n'komwe.

Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kuwauza bambo kuti ndiwaperekeza. Anakondwa. Poyamba zonse zinayenda bwino. Koma titachoka pagolosale ya pafupi ndi njanji, anakhotera kumanzere, kenako kumanzerenso, ndipo ndinaona tikudutsa pa telala wa pakhonde amene tinali titamudutsa kale. Tinazunguliranso. Telalayo anatikwezera dzanja ngati munthu wozolowera kuziona.

Bambo anaima pambali n'kuzimitsa injini. Manja ali pachiwongolero, anandiyang'ana.

"Mwanangu, usawauze amayi ako. Msewu uwu ndaiwala kumene umatulukira."

Achimwene, msewu wake ndi uja ankatidutsitsa popita kusukulu.

Ndinawalondolera mpaka kunyumba, buledi wotsala ali kumbuyo. Chinsinsicho sindinathe kuchisunga. Kuchipatala adokotala anawafunsa mafunso osavuta, tsiku, mwezi, mayina a adzukulu. Mafunso ena anayankha, pa ena anangomwetulira. Atiuza kuti ndi matenda a kuiwala, sachizika, ndipo asayendetsenso galimoto.

Bambo anangofunsa ngati ndiye kuti palibe amene ankawabera mafuta. Atamva kuti palibe, anakapepesa kwa aneba aja tsiku lomwelo. M'mawa mwake anavala jekete n'kupitanso kukapepesa. Anebawo, Mulungu awadalitse, anawalandira ngati akumva koyamba.

Makiyi ndinabisa ndine. Akandifunsa ndimati ali kwa makaniko. Masiku ena amandikalipira ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo chibadwire. Masiku ena amatenga mpando n'kukhala pafupi ndi vaniyo, atavala zakuntchito, kudikira. Amayi amakalirira kubafa, atatsegula mpopi.

Wina wabwera kale kudzafunsa ngati vaniyo tikuigulitsa. Amalume akuti tigulitse isanachite dzimbiri. Ine sindingagamule ndekha. Mutu umodzi susenza denga, komanso sindikudziwa kuti bambo tidzawauza chiyani akadzapeza pabwalo pali pululu.

Sindikupempha ndalama. Ndikupempha inuyo.

Dzulo anaima pabalaza n'kundifunsa kuti wa pachithunzi chaukwati uja ndi ndani. Ndisanayankhe anakumbukira okha, anatchula dzina lanu, n'kuseka kuti ukalamba wafika. Ndinaseka nawo. Koma anatenga nthawi, achimwene, anatenga nthawi. Musadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Bwerani akadakudziwani.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo awasowa. Amayi akuti musadere nkhawa, koma musawamvere. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira yobwerera kuno.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa m'nyumba muno